Sikelo ya Kumunda wa Tiyi

Achinyamata amadabwa ndikawauza kuti kale pa esiteti munthu ankagwira ntchito mpaka kumera imvi asanalankhulanepo ndi bwana wamkulu maso ndi maso. Zinali choncho ku Thyolo ndi ku Mulanje m'zaka za m'ma 1970, pamene ndinayamba ukalaliki wa kumunda pa esiteti ina ya tiyi. Mawu ankachoka ku ofesi, nkudzera kwa akapitawo, pofika kwa wothyola tiyi atasanduka lamulo lopanda chifukwa. Dandaulo lochokera pansi linkathera m'njira, poti kapitawo wolinyamula ankatchedwa woukira, ndipo nthawi ya chipani chimodzi dzina limenelo linkamangitsa. Mabungwe a anthu apantchito analipo, koma anali m'manja mwa chipani cha Kongeresi.

Mkangano waukulu unali pa sikelo. Othyola amalipidwa potengera kulemera kwa masamba, ndipo tiyi amachuluka nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha m'Epulo. Masamba akanyowa, ofesi inkatiuza kuchotsako makilo ena a madzi. Kuchotsako sindikutsutsa, fakitale singalipire madzi. Chopweteka chinali chakuti palibe ankauzidwa kuti lero tichotsa angati. Mayi wathyola chiyambire mbandakucha, dengu kumsana, mvula ikumuthera m'thupi, akafika pamzere nkhope ya sikelo yayang'ana kwa kalaliki. Iye amangomva nambala, nkuchoka. Madzulo kukompaundi nkhani inali yoti makalaliki ndi akuba. Ena ankabwezera pothira madzi m'dengu kapena kusakanizamo timitengo, ofesi ikazindikira nkuwonjezera ochotsa aja. Aliyense ankamuonera mnzake m'kona mwa diso.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 tinalandira manijala wina, Mmalawi mnzathu, amene anakulira m'kompaundi bambo ake ali kapitawo. Tsiku limene anayendera munda koyamba analamula kuti sikelo itembenuzidwe, iyang'ane kwa mwini dengu, ndipo kapitawo azilengeza makilo ochotsa anthu asanayambe kupimitsa. Ena a ife tinkati padzabuka phokoso. Phokoso linalipodi, mayi wina mpaka anamufunsa kuti, “Bwana, kodi mvula imeneyi tagwetsa ndife?” Iye sanapse mtima. Anatenga othyola angapo, nkupita nawo kufakitale kuti akaone okha mmene masamba amapepukira akafota. Atabwerako, othyolawo anafotokozera anzawo bwino kuposa mmene ife tikanathera.

Pakutha pa mwezi manijalayo ankatisonkhanitsa pabwalo nkutiuza mmene tiyi wathu wagulidwira ku okushoni ya ku Limbe. Mtengo ukatsika ankanena, ukakwera ankanenanso, ngakhale ankadziwa kuti anthu apempha kuwonjezera malipiro. Zimene sakanatha ankakana poyera: “Izi sindilonjeza, zili m'manja mwa eni kampani, koma ndikazitula ndipo yankho ndidzabwera nalo.” Ankabweradi nalo, lokoma kapena lowawa.

Chaka cha 1992 ndicho chinamuyesa. Chilala chinawotcha minda, tiyi anachepa. Iye anauziratu antchito a nyengo kuti ntchito itha msanga, natchula sabata yake, kuti aliyense afunefune ganyu nthawi ikadalipo. Anthu analira, koma sanamutukwane. Chaka chomwecho maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi, a Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo, ndipo mu Meyi antchito a David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito. Sitalaka inafalikira, m'tauni anthu anafa. Nafenso tinaika madengu pansi, pakuti malipiro anali ochepadi, ndipo zimenezo kukoma mtima kwa munthu mmodzi sikukanazibisa. Koma nthumwi zathu zinalowa mu ofesi ya manijala uja popanda wapolisi pakhomo. Atanena kuti ndalama zimene angawonjeze pakali pano ndi zakutizakuti, anthu anakhulupirira, chifukwa anali asanawanamizepo. Palibe galasi limene linasweka pa esiteti yathu.

Lamulo loteteza ufulu wa antchito wolowa m'mabungwe ndi kukambirana ndi owalemba ntchito linabwera mu 1996, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba. Bambo ameneyu anachita zake lamulolo kulibe, nthawi imene kukhala chete kukanamusungira mpando bwino. Pa mabwana onse amene ndinawagwirira ntchito, ndi yekhayo amene ankadziwa kutsogolera anthu.