Khungwa la muwawani ndi a mabotolo a pa depoti

Masiku ano aliyense amene ali ndi chigubu, sipika ndi pakamwa pothyathyalika wasanduka dokotala wa zitsamba. Mukawapeza pa depoti ya Limbe, pa Njuli, pa Namitambo tsiku la msika, ali kalikiliki kutsatsa botolo la madzi akuda bii: ati limachiza shuga, limasungunula zotupa, limakweza chitetezo cha m'thupi, ndipo zotsalira pansi amwe bambo a kunyumba kuti banja likome. Zonsezo pa mtengo wa mulu wa usipa. Ine ndamera imvi ndili pa ntchito ya zitsamba kuno ku Thumbwe, ndipo zimenezi zimandinyansa, chifukwa munthu akapweteka nalo botolo lija otukwanidwa timakhala tonse. Afunseni ogulitsawo kuti mtengo umene athiramo anausenda mwezi uti, mbali iti, unamera pa dothi lotani. Ambiri sanauonepo uli chilili. Amagula makungwa a m'thumba kwa munthu amene naye anagula kwa wina, n'kuwiritsa mu mgolo, n'kuthira m'mabotolo otola.

Za kukumba, kutsuka ndi kusinja sinditayapo nthawi. Mwana aliyense wokulira kumudzi amadziwa khasu ndi munsi. Ntchito yeniyeni ili pa khungwa, ndipo khungwa limene ndimalinyadira ndi la muwawani, umene a ku National Herbarium ku Zomba amaulemba kuti Cassia abbreviata. Cha mu Seputembala ndi Okutobala umachita maluwa achikasu masamba asanaphuke, ndipo nyemba zake zimalendewera zazitali, zina kuposa mkono wa munthu wamkulu. Umakonda malo otentha ndi pa chulu. Posenda suzungulira tsinde, chifukwa chakudya chochokera m'masamba chimatsikira ku mizu kudzera m'khungwamo, ndiye ukadula njira yonse mtengowo waupha. Umatenga kachigamba kumbali ya kum'mawa, kena kumbali ya kumadzulo, kwinako n'kusiya. Pabalapo umamata dothi lonyowa, ndipo mtengo umenewo suubwereranso mpaka bala litatseka, ngakhale padutse mvula zingapo. Waung'ono sitiukhudza, khungwa lake n'lopyapyala. Wokalamba nawo uli ndi chikhungwa chakufa kunja, chimene uyenera kupala mpaka utafika pa mnofu wamoyo wa mkati.

Anandiphunzitsa ndi anganga, mayi awo a mayi anga, Alhomwe amene makolo awo anachoka ku Mozambique kuthawa Apwitikizi n'kudzagwa m'thangata m'maesiteti a kuno. Anali mzamba, osatha kulemba ngakhale dzina lawo. Ankanditchula kuti amunanga, monga amachitira agogo ndi zidzukulu zawo zazimuna, koma ukwati wake unali wa ukapolo: "Amunanga, nyamulani dengu. Amunanga, kapaleni moto." Tinkadzuka tambala woyamba kulowera kuphiri la Chiradzulu, nthawi imeneyo mitengo ili gwaa, anyani akutilalatira m'matanthwe. Panjira sankalola kucheza. Pofika pa mtengo ankayamba auzungulira, kuona ngati wina wausenda kale, kenako n'kusiya ufa pang'ono patsinde. Za ufazo ine ndinazisiya nditalowa mpingo, koma kuzungulira mtengo ndisanaugwire ndimachitabe. Poyamba sanandilole kugwira mpeni. Ankandimanga kansalu kumaso n'kundiika kachidutswa pa lilime: "Lawani, amunanga, ndani uyu?" Mbawa imawawa, muwawani umawawa, naphini amamanga m'kamwa, ndipo khungwa la mango louma limatha kukunamiza ukamangoliona ndi maso. Ndikaphonya sankakalipa, ankangonena kuti lero tayika maliro, n'kundipatsa china. Muzu wa bwazi ankausunga kudenga, kutali ndi ana. Fungo lake ndi la mankhwala opaka pamsana a m'sitolo aja, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti chonunkhiracho n'chimodzi, methyl salicylate. Anganga sankadziwa dzina limenelo, koma ankadziwa kuti muzuwo wapha anthu, ndipo ankakana kwamtuwagalu kuupereka kwa mayi wobwera yekha usiku.

Kuumitsa ndi kumene kumasiyanitsa sing'anga ndi wamalonda. Khungwa laiwisi uliduladula tsiku lomwelo, tizidutswa tofanana, chifukwa chachikulu chimauma kunja mkati muli madzi. Uliyanika pa mthunzi, pa thandala, pamene mphepo ikupita pansi ndi pamwamba. Padzuwa limauma msanga, inde, koma limayera, fungo limathawa, ndipo ukalilawa umamva kuti latsala thabwa. Pansi pa dothi silifunika, pa lata silifunika, pafupi ndi utsi wa kukhitchini silifunikanso. Kuno kwathu mdani wamkulu ndi chiperoni. Mu Juni ndi Julayi kamvula kaja kakagwa masiku atatu dzuwa osaoneka, makungwa amayamwa chinyezi n'kuchita chuku, ndipo chuku cha m'khungwa chimabisala m'ming'alu. Ndimathyola kachidutswa: chikalira kuti thyo, chauma, chikapindika, chibwerere pa thandala, chikanunkha m'nyumba yotsekedwa, chonsecho chipite kudzala ngakhale ndinachivutikira motani. Aulimi amatichenjeza za chuku cha mtedza ndi chimanga kuti chimawononga chiwindi, ndiye n'chifukwa chiyani wodwala amwe chuku m'dzina la mankhwala? Mtondo wa mankhwala ndi wake wake, sulawa mphale. Ufa wake ndimausefa, n'kuusunga m'botolo lagalasi louma, ndipo ukagona chaka ndimataya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. A mabotolo aja madzi awo amakhala padzuwa sabata yathunthu, chivindikiro chikufufuma, iwo n'kumati imeneyo ndiyo mphamvu.

Mitengoyo nayo yatha. Boma lathu la Chiradzulu ndi laling'ono koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000, ndipo aliyense akufuna munda, nkhuni, makala ndi uvuni wa njerwa. Zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinakokolola mudzi wa Ntauchira, tonse tinaziona. Muwawani wabwino tsopano ndimakaufuna cha ku Lirangwe ndi ku Zalewa, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thiransipoti yokha imadya phindu lonse. Ndabzala ingapo kuseri kwa nyumba, koma adzasenda ndi adzukulu.

Tsono za shuga. Shuga sachira, amangoweteka, ndipo amene akukuuzani zina akufuna ndalama zanu. Ine sindipereka kanthu kwa munthu amene sanayezedwe kuchipatala, chifukwa ludzu, kukodzakodza ndi kuonda zimabwera ndi matenda ambiri. Amene wayezedwa, ndipo ali pa mankhwala, ndimamuthandiza ndi muwawani pang'ono kapena ufa wa njere za jambula, koma ndimayamba ndafunsa kuti akumwa mapilitsi ati. Wa glibenclamide ndimamuopa kwambiri: pilitsi likutsitsa shuga, chitsamba nacho chikukokera komweko, munthu wapita kumunda osadya, mupeza akutuluka thukuta, akunjenjemera, wagwa m'mizere. Komanso khungwa la mtengo wa pa chulu ndi la mtengo wa m'dambo sizifanana mphamvu, pomwe pilitsi la lero ndi la mawa n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndimayamba ndi muyezo wochepa, ndipo akapita kukayezetsanso ndimafuna kuona zimene alemba m'kabuku. Mdzukulu wanga amene anaphunzira za mankhwala ku koleji ku Blantyre anandiuza kuti metformin, amene odwala shuga ambiri amalandira, gwero lake ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, ndipo dokotala wa ku France, Jean Sterne, ndiye anamuyesa pa odwala shuga mu 1957. Ndinasangalala kumva kuti nawonso anayambira kutchire. Koma anandiuzanso kuti zofufuza zambiri za mitengo yathuyi zachitikira pa makoswe ndi mu labotale, ndipo khoswe sadya nsima katatu pa tsiku.

Odwala nawo amatopetsa. Ukamupatsa kasupuni amaona ngati wamumana, akufuna chigubu cha malita asanu, ndipo chikapanda kuwawa mpaka kutulutsa misozi ati si mankhwala. Ukamuuza kuti asiye shuga wa mu tiyi ndi m'thobwa, achepetse mitanda, adye mgaiwa ndi masamba ambiri, nkhope imagwa: "Asing'anga, ndabwerera mankhwala, osati malamulo." Kale munthu ankapereka chipondamthengo usanalowe kutchire, ndipo akapeza bwino ankabwera yekha ndi nkhuku. Lero wa pa depoti amamulipira pompopompo, koma kwa ine ndi "tidzaonana tikagulitsa nandolo". Nandolo amagulitsidwa, munthu osaoneka, mpaka mwendo utatupa.

Zotupa ndiye zimandikwiyitsa koposa. Mvunguti ndimaugwiritsa ntchito pa zilonda za pakhungu, monga ankachitira anganga, koma chotupa cha m'bere, chotupa cha pansagwada ya mwana, mawanga akuda a m'miyendo, kapena mayi wotaya magazi atasiya kale kusamba, zimenezo si zanga. Pali duwa lina limene mumaliona tsiku ndi tsiku pakhomo, m'manda ndi pa mishoni, la pinki kapena loyera, masamba ake onyezimira, limene mbuzi zimalilambalala. Kwawo ndi ku Madagascar, ndipo dzina lake la m'mabuku ndi Catharanthus roseus. Anthu a ku Jamaica ankamwa masamba ake ngati mankhwala a shuga. Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, ataliyesa m'zaka za m'ma 1950 sanapeze zimene ankafuna pa shuga. Anapeza kuti likupha maselo oyera a m'magazi, asilikali a m'thupi aja. Kuchokera pamenepo munatuluka vinblastine, kenako vincristine, mankhwala a khansa amene ku chipatala cha Queen Elizabeth amathandizira ana a zotupa ndi odwala Kaposi. Ndiye taonani: chitsamba chimene anthu ankati n'cha shuga chinapezeka kuti n'cha khansa, ndipo pogwira ntchitoyo chimagwetsa chitetezo chimene a mabotolo akuti akukweza. Kuti apeze galamu imodzi pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma, ndipo amalowetsa mu mtsempha, ndi muyezo wowerengera kukula kwa thupi la wodwala. Wowiritsa duwalo mu mphika sakupanga vincristine, akungodzipweteka. Mayi amene amataya miyezi isanu ndi umodzi akumwa botolo amafika kuchipatala chotupa chitayala mizu, pomwe mu 2018 a bungwe la MSF anayamba ntchito ya khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo kuyezetsa n'kwaulere.

Za chitetezo cha m'thupi, ife a kuno sitifunika kuuzidwa ndi munthu. Mu 1995 malole ankadutsa odzaza anthu kupita ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, amene ankati analota mtengo wochiza Edzi. Anganga anali atakalamba kwambiri, koma atamva anangofunsa kuti, "Kapu imodzi kwa mwana ndi kwa wamkulu yemwe?" Anthu anamwa, anabwerera, ndipo maliro sanaleke. Tinkachoka kumanda kuno n'kulowera kumanda uko, makasu osauma dothi. Chimene chinaletsa maliro aja tinachiona ndi maso: mu 2001 a MSF anayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, boma lisanayambe kugawa m'dziko lonse mu 2004, ndipo anthu amene tinkawatembenuza pa mphasa anadzuka n'kukalima. Ine ndinali nditayesa muwawani ndi zonse zimene ndinkadziwa. Zinkachepetsa kutsegula m'mimba ndi zilonda za m'kamwa kwa kanthawi, basi. Kenako kunabwera mphepo ya African potato, imene ngakhale nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Manto Tshabalala-Msimang, inkaitamanda pamodzi ndi adyo ndi beetroot, ndipo anyamata anakumba madambo onse. Ofufuza anachenjeza kuti mbatata imeneyi ikhoza kusokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito ma ARV. Kwa munthu amene ali pa ma ARV ine ndimapereka chammwamba chothira m'phala kapena m'ndiwo, ndipo ndimamuuza poyera kuti ichi ndi chakudya. Lamulo la za HIV ndi Edzi limaletsa kufalitsa zabodza za matendawa, ndipo bungwe la PMRA lili ndi mphamvu pa otsatsa mankhwala, koma masipika aja akulirabe tsiku lililonse la msika.

Wobwera kwa ine ndi shuga abwere ndi kabuku kake ka kuchipatala ndi mapilitsi amene akumwa, ndiwaone. Wa ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha ufa wanga kapena wa wina aliyense. Ndipo inu amene mwapeza chotupa, ndalama ya thiransipoti yobwerera ku Thumbwe isungeni, mukwerere galimoto yopita ku chipatala cha boma kapena ku Nguludi sabata ino.