Nsanja ya Pamwamba pa Moto

Mlendo wanzeru akafuna kudziwa ngati pakhomo pali chakudya kapena njala, sayang'ana pakhonde ayi, koma ayang'ana kumene kukutuluka utsi. Pophikira ndi pamene paululira za mwini nyumba. Ku Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu, dziko la fodya, pophikira pasintha kwambiri m'moyo wa munthu mmodzi yekha. Amayi amene anabadwa nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, anaphunzira kuphika ndi zipangizo zimene adzukulu awo ena sadziwa ndi maina ake omwe.

Kale banja linkaphika m'nyumba yomweyo yogonamo. Nyumba inali yozungulira, yofolera ndi udzu, ndipo moto unali pakati. Pamotopo panali mafuwa atatu. Mafuwa ali ndi nzeru yake: miyala itatu sigwedezeka ngakhale pansi pakhale posalingana, ndipo mphika uliwonse, waukulu kapena waung'ono, ukhalapo bwino mayi akangoyandikizitsa miyalayo. Akafuna moto wambiri akankhira nkhuni m'kati. Akafuna wochepa azikokera kunja. Mafuwa akadalipo kufikira lero, ngakhale ambiri tsopano aika njerwa m'malo mwa miyala.

Zimene zikutha ndizo zinazungulira mafuwawo. Pakona panali mtsuko wa madzi, ndi chikho chake pamwamba. Pafupi ndi khomo panali mphero ndi mwana wake, poperera mawere ndi mapira. Panja panali mtondo ndi munsi. Panali miphika yadothi: nkhali yaikulu ya nsima ndi kamphika ka ndiwo, ndiponso phale lokazingira chimanga ndi mtedza. Kutsindwi kunalendewera zikwatu, ndiwo masamba aakulu omangidwa ndi luzi, osungiramo mfutso. Ndipo pamwamba penipeni pa moto panali nsanja.

Nsanja imeneyi inali ya timitengo tolukana, yoimikidwa pa mphanda zinayi kapena yolendewera kudenga. Inali yakuda bii ndi mwaye, yosakongola konse, koma ntchito yake inali yaikulu. Pa nthawi yokolola mayi ankasankha zitsononkho zabwino koposa zonse, zodzala ndi njere kufikira kunsonga, nazimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake, naziika pansanjapo. Tsiku ndi tsiku utsi unkadutsa m'chimangacho, nuchiumitsa, nupirikitsa anankafumbwe. Pomwepo ankaikaponso nthanga za maungu, ngala za mawere, ndi nyama yofutsa ngati yapezeka. Mvula yoyamba ikagwa, mbewu inali pomwepo, yopanda mtengo wake.

Tsono n'chiyani chinachotsa zinthu zimenezi? Palibe munthu anazithamangitsa. Chilichonse chinachoka chifukwa panafika china chopeputsa ntchito. Chigayo chinatonthoza mphero, ndipo mtondo unatsala wosinjira nsinjiro ndi kukonola pang'ono. Mayi amene ankadzuka tambala woyamba kukasinja sangalire nacho chigayo. Sefuliya siisweka ikagwa, ndipo iwira msanga. Motero mphika wadothi unatsala wophikira nyemba, ndipo oumba mbiya anachepa. Ndowa ndi zigubu zapulasitiki n'zopepuka pamutu, motero mtsuko unakankhidwira kuseri kwa nyumba.

Ku Kasungu kunali chifukwa chinanso, ndicho fodya. M'zaka za m'ma 1970 minda yaikulu ya fodya inafalikira m'boma limeneli. Fodya wina amamuumitsa ndi moto wa nkhuni, ndipo fodya wa bale amamupachika m'zigafa, zimene zifuna milimo ndi mphanda zambiri. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, ndipo zigafa zinachuluka m'midzi. Fodya anabweretsa ndalama, ndalama zinagula malata ndi kuotcha njerwa, koma mitengo inapita. Nkhuni zinayamba kuchokera kutali. Moto umene kale unkanyeka usana ndi usiku unasanduka wongokoleza pophika ndi kuzima pomwepo. Popanda utsi wa nthawi zonse, nsanja inasowa ntchito.

Nkhokwe nayo inagwa m'mavuto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'dziko muno munalowa nankafumbwe wamkulu wochokera ku Tanzania, amene aboola chimanga chili pachitsononkho, ngakhale mitengo ya nkhokwe yomwe. Kenaka panadza njala ya 2002, imene inasautsa kwambiri anthu a ku Kasungu. M'masiku amenewo nkhokwe ya panja inaitana akuba. Anthu ambiri anayamba kutonola chimanga, kuthira mankhwala, ndi kusunga m'matumba kuchipinda.

M'mudzi wina wa ku Simlemba muli agogo ena amene sanachotse nsanja yawo. Khitchini yawo ndi yaudzu, yakuda m'kati ngati usiku. Mdzukulu wawo wamkazi anakwatiwa m'mudzi momwemo, ndipo chaka china mwamuna wake atagulitsa fodya ku Chinkhoma, anamumangira khitchini ya njerwa ndi malata. Mkaziyo anakondwa kwambiri, napita kukatenga agogo ake kuti adzaone.

Agogo analowa, nayang'ana makoma osalala, nayang'ana mbale zosanjika bwino. Kenaka anakweza maso kudenga, nakhala chete kanthawi.

"Nyumba yakoma ndithu," anatero. "Koma nanga mbewu uziika pati, mdzukulu wanga?"

"Agogo, masiku ano mbewu timagula kusitolo. Imabereka koposa ya makolo."

"Zoona, imabereka. Nanga chaka chimene fodya adzakana?"

Mdzukuluyo anangoseka mwaulemu, chifukwa si bwino kutsutsana ndi wamkulu.

Zimene ananena mdzukuluyo zinali zoona. Chimanga cha haibulidi chikalandira feteleza chidzaza matumba ambiri koposa cha makolo. Koma mbewu yake iyenera kugulidwa chaka ndi chaka, pakuti munthu akabzala njere za m'munda mwake, zokolola zitsika. Cha makolo chibereka pang'ono, koma njere yake ndi yolimba, anankafumbwe saiboola msanga, siinyenyeka mumtondo, ndipo mwini wake aibwereza osalipira kanthu.

Patapita zaka ziwiri fodya anagulidwa motsika. Atabweza ngongole ya feteleza ndi kulipira aganyu, m'nyumbamo munatsala ndalama zochepa, ndipo zimenezo zinathera ku chipatala ndi kusukulu. Mwezi wa Disembala mvula inagwa yobzalira. Anansi anatuluka ndi makasu, koma mdzukulu uja analibe chobzala. Madzulo anapita kwa agogo ake, nagwada pakhomo la khitchini.

"Agogo, ndabwera ndi manja okha."

Agogo sananene kuti, "Ndinakuuza." Anaimirira pang'onopang'ono, natambasula dzanja kunsanja, natsitsa zitsononkho zakuda ndi mwaye. Atasenda makoko, njere zinali zoyera, zopanda bowo ndi limodzi lomwe.

"Tenga ukabzale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Koma usiku womwewo mdzukuluyo anaona chinthu china. Agogo ake anatsokomola nthawi yaitali, ndipo maso awo anali ofiira, otuluka misozi. Zaka zonse zimene utsi unasunga chimanga, unalowanso m'chifuwa cha mwini chimangacho. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wa pophikira. Osautsika kwambiri ndiwo amayi ndi ana amene ali kumsana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse m'Malawi ankaphikira nkhuni. Motero nkhani ya utsi si ya mudzi umodzi ayi.

Ndipo khitchini yatsopano siikhala yabwino chifukwa cha malata okha. Denga laudzu lilola utsi kutulukira m'mipata yake, koma malata autsekera m'kati. Khitchini ya malata yopanda zenera iposa yaudzu kuipa kwake. Chimodzimodzinso mtsuko: uziziritsa madzi chifukwa dothi lake lituluka thukuta, ndipo thukutalo pouma lichotsa kutentha, koma ngati aliyense aviikamo chikho ndi manja osasamba, mtsuko womwewo ugawira banja lonse matenda. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inaphunzitsa ambiri kuvundikira madzi ndi kuthiramo mankhwala.

Awiriwo anaphunzitsana. Mdzukulu anagulira agogo ake mbaula yadothi yotchedwa Chitetezo, imene isunga moto pamalo amodzi, nidya nkhuni zochepa koposa mafuwa. Mbaula zotere zinafalikira boma litalonjeza mu 2013 kuti pofika 2020 m'dziko mukhale mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni. Anaboolanso zenera m'khitchini mwa agogo ndi mwake momwe. Agogo nawo anamuonetsa kusankha chitsononkho cha mbewu chimanga chisanachoke kumunda, kuchiumitsa mpaka njere ilire pa dzino, ndi kusunga nyemba zosakaniza ndi phulusa mumtsuko womata pakamwa ndi dothi. Mtsuko umene unali kuseri kwa nyumba unapezanso ntchito. Tsopano mkaziyo abzala haibulidi ndalama zikapezeka, koma mizere ina asiyira cha makolo chaka chilichonse.

Chinthu chakale chikachoka pophikira, ntchito yake siichoka nacho. Mphero inapita, koma ufa uyenera kuperedwa, ndipo mwini chigayo afuna ndalama. Nkhokwe inapita, koma matumba ndi mankhwala agulidwa. Nsanja inapita, koma mbewu ifunika mvula iliyonse. Zimene kale zinkachitika ndi dothi, mitengo ndi utsi, lero zichitika ndi ndalama, ndipo ndalama ya fodya ibwera kamodzi pa chaka, nthawi zina osabwera konse.

Chifukwa chake munthu womanga khitchini yatsopano achita bwino kuyamba wakhala pansi ndi akuluakulu a pamudzi, nawafunsa za chinthu chilichonse chimene afuna kutaya: "Kodi ichi chinkagwira ntchito yanji?" Akamva yankho, adzifunse yekha chimene chidzagwire ntchitoyo m'malo mwake, ndiponso ngati adzakhoza kuchilipira m'chaka choipa. Akapeza yankho labwino, ataye chakalecho ndi mtima woyera, pakuti utsi ndi kusinja kwa mbandakucha si chuma chosiyira ana. Akapanda kulipeza, ayambe wachisunga.