Katundu Wobedwa Wosasiya Mpata

Mbuzi ikabedwa usiku, mwini wake amadziŵa m'maŵa chifukwa amapeza khola lili pululu. Chimanga chikatapidwa m'nkhokwe, malo ake amaonekera. Koma zilipo zinthu zina zimene zimabedwa osasiya mpata. Nyimbo ya m'foni, filimu, ndiponso pulogalamu ya pakompyuta, munthu angathe kuzikopera kakhumi kapena kambirimbiri, mwini wake nkukhala nazobe. Nchifukwa chake anthu ambiri aulemu wawo, amene sangatole ngakhale dzira la mnansi, saona cholakwa pa mchitidwe umenewu.

Ine kwathu ndi kufupi ndi Nathenje, pamsewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, ndipo kaŵirikaŵiri ndimapalasa njinga kukagula zinthu kumsika wa Mitundu. Malo aŵiri onseŵa ali ndi timashopu ta anyamata a makompyuta. Munthu amapereka kakhadi ka m'foni mwake kapena fulashi, nalipira ndalama pang'ono, ndipo mnyamatayo amamdzazira nyimbo mazanamazana. Ntchitoyi amaitcha kubena. Kale, m'nthaŵi ya makaseti, kukopa nyimbo kunali kwa opirira. Unkafunika wailesi yoloŵa makaseti aŵiri, nkudikira mpaka tepi yonse itatha, ndipo mau a kaseti yokopayo ankamveka ngati a munthu wachimfine. Lero chokopa ndi chenicheni sizisiyana konse.

Tsiku lina, ndikudikira kuti mvula ikate, ndinacheza ndi mmodzi wa anyamataŵa pa Mitundu.

"Kodi mphwanga," ndinamfunsa, "eni nyimbo zimenezi amapezapo chiyani?"

Iye anaseka pang'ono nati, "Bambo, funso lanu nlomveka. Koma taonani kompyuta yangayi. Mapulogalamu onse ali m'menemu anandikopera mnzanga wa ku tauni. Ndikanati ndigule enieni, mukuganiza kuti ndikanagulitsa matumba angati a mtedza? Tonsefe tikungodyerana."

Mau akewo anali ndi mbali yoona. Mapulogalamu ambiri otchuka amapangidwa kumaiko olemera, ndipo mtengo wake umaŵerengedwa m'madola. Mtengo umene mlembi wa ku London angalipire osadandaula, kwa mlimi wa fodya kapena wophunzira wa pakoleji ya Bunda ndi phiri. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero chinthu chilichonse cha madola chinakwera mtengo usiku umodzi, chikhalirecho thumba la mtedza silinakule. Pamsika wa Mitundu wogulitsa tomato amayang'ana anthu ake asanatchule mtengo, chifukwa adziŵa kuti akakweza kwambiri abwerera naye kunyumba. Ine ndimaona kuti ogulitsa mapulogalamu akadatengerapo nzeru pamenepa.

M'malo mwake, ambiri a iwo anasankha kuika maloko. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2001 kampani ya Microsoft inatulutsa Windows XP, imene wogula ankayenera kuloŵetsamo nambala yachinsinsi ya zilembo ndi manambala 25, kenaka nkuitsimikiza pa intaneti kapena pa telefoni. Mwini katundu ali ndi ufulu wokhoma chitseko chake, zimenezo sindikana. Chondidandaulitsa nchakuti loko wotere amatopetsa munthu woona mtima, makamaka wa kumudzi kumene intaneti ndi yodula ndipo magetsi amazimazima, pamene akatswiri othyola maloko amapeza njira m'masiku oŵerengeka.

Ilipo njira ina imene mnyamata uja sankaidziŵa. M'chaka cha 1991 wophunzira wina wa ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, anayamba kupanga Linux, ndipo analola kuti aliyense aikopere. Palinso LibreOffice, yolembera makalata ndi kuŵerengetsera ndalama, imene sailipiritsa. Apa kukopa si kuba, pakuti mwini wake wavomereza. Nchimodzimodzi ndi munthu amene wauza ana a m'mudzi kuti azithyola mango mumtengo wake. Mango ndi omwewo, koma mau a mwini ndiwo asiyanitsa mlendo ndi mbala.

Tsono pamene ndinasiyana maganizo ndi mnyamatayo ndi pa nyimbo. Dandaulo la madola silikhudza woimba wa kuno kwathu. Iye si kampani ya kutsidya kwa nyanja ayi. Ndi mwana wa m'mudzi ngati ife, amene mwina anagulitsa mbuzi kuti alipire kujambulitsa nyimbo zake, nagona ndi njala kumzinda podikira kuti ntchitoyo ithe. Akuluakulu amakumbukira Allan Namoko wa ku Thyolo, bambo wosaona amene ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Nyimbo zake zinamveka pawailesi m'dziko lonse la Malaŵi, anthu nkumavina kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma iye anamwalira m'chaka cha 1995 ali wosauka. Ndikamva nyimbo ikuphulika pa sipika ya pamsika, ndimadzifunsa ngati woimbayo wadya nsima tsiku limenelo.

Boma linaliona vutoli. M'chaka cha 1989 linakhazikitsa lamulo loteteza ntchito za olemba, oimba ndi ojambula, ndipo mu 1992 bungwe la COSOMA linayamba ntchito yowatolerera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso lawo, monga nyumba za wailesi. Pambuyo pake makaseti enieni anayamba kumatidwa kachizindikiro konyezimira, kuti wogula asiyanitse chenicheni ndi chokopa. Njira imeneyi inathandiza m'masiku ake. Koma nyimbo zitasamukira m'mafoni, kachizindikiroko kanasoŵa pomata.

Lamulo latsopano la m'chaka cha 2016 linabwera ndi nzeru ina. Zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mafulashi, zikamaloŵa m'dziko muno zimalipiritsidwa ndalama yapadera, ndipo ndalamayo COSOMA imagaŵira eni luso. Wogula foni pa Nathenje amaponyapo kangachepe mosamva kuŵaŵa, ndipo palibe loko womvutitsa. Si njira yangwiro, chifukwa amalipira ngakhale agogo amene foni yawo ndi yongolankhulira ndi adzukulu a ku Johannesburg. Ndiponso ndalamazo zimafika kwa okhawo amene analembetsa ntchito zawo kubungwelo. Woimba wa kwaya kapena wa gitala wa m'midzi ya kuno, amene nyimbo zake zili m'mafoni a anthu pa Mitundu, ayenera kukwera minibasi kunka ku Lilongwe, kumene kuli likulu la COSOMA, kuti dzina lake likaloŵe m'kaundula.