Amalume ankafuna dzuwa padenga la pikapu

Tchuthi chapitachi, nditangofika kumudzi kwa Mwase kuchokera ku Zomba, amalume sanandifunse n'komwe za mayeso. Anali atagulitsa mabelo awo oyamba a fodya ku Chinkhoma, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wadziwa kale kolowera ndalama. Anandipatsa foni, n'kundionetsa chithunzi cha galimoto ya mnzawo wina wa paboma. Padenga pake panali chitsulo chachitali chodzaza timababu ta LED, chija anyamata amachitchula kuti light bar.

"Mphwanga, undifufuzire champhamvu kwambiri. Ndikufuna usiku uzioneka ngati masana."

Ndinawakumbutsa kuti ine ndimaphunzira mbiri yakale ndi zolembalemba, za mawaya sindizidziwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti mnyamata wa kwa Wimbe uja, William Kamkwamba, anapanga magetsi ndi zitsulo zotola asanaone khomo la yunivesite, ndiye ine wa chaka chachitatu ndingalephere kusankha nyali? Inu amene munayamba kufika ku koleji m'banja mwanu mukudziwa zimenezi. Sukulu yako imasanduka ya chilichonse, kuyambira kuwerenga pepala la kuchipatala mpaka kukonza wailesi.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo amalume, chifukwa sankafuna nyalizi pofuna kuonekera. Pikapu yawo ndi Toyota Hilux yomwe inapangidwa ine ndisanayambe Sitandade 1, ndipo ndi yokhayo m'midzi ingapo yoyandikana. Imanyamula feteleza mvula ikamayandikira, mabelo msika ukatsegulidwa, bokosi pakagwa zovuta. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere pakati pa usiku, anthu amakagogoda pa zenera la amalume kuti awathamangitsire kuchipatala chachikulu ku Kasungu. Ntchito zambiri mwa izi n'zausiku kapena zam'mbandakucha. Ndipo mwezi wa Meyi, akuchokera ku boma kunja kutada, anatsala pang'ono kulowa kumbuyo kwa ngolo yodzaza chimanga. Ngolo ilibe nyali, ilibe chonyezimira, ndipo ng'ombe zakuda usiku sizioneka. Anakhotetsa, n'kukatsamira mumkwasa. Palibe anavulala, koma pamwamba pa chimangacho panali ana awiri. Amalume safuna kuikamba nkhaniyi. Ndinaimva kwa azakhali, akazi awo.

Choncho ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza.

Chinthu choyamba chimene ndinakumana nacho pa YouTube ndi mawu akuti off-road. Anthu a ku America ndi Australia amaika nyali zimenezi pa magalimoto opita kukasewera m'chipululu kumapeto kwa sabata. Amachoka dala pa tara kukafunafuna mchenga ndi miyala, n'kujambula. Ndinaseka ndekha. Kwathu kuno zimene iwo amazitcha kuchoka mumsewu ndiye msewuwo. Ukangopatuka pa M1, fumbi ndi lako m'chilimwe, matope ndi ako m'dzinja, ndipo palibe amakujambula. Koma kusiyana kwenikweni ndinachedwa kukuona. M'mavidiyo onse amene ndinaonera, kutsogolo kwa nyali zija kunali miyala, mitengo, mwina kangaroo. Munalibe munthu woyenda pansi. Malangizo onse a kasankhidwe ka nyali analembedwa poganiza kuti kutsogolo kwako kulibe maso a munthu wina.

Zaluso zake ndinaphunzirako ndithu, ndipo ndikugawireniko poti ena mwa inu mudzatumidwa ntchito yomweyi. Mawati amene amalembedwa pa katoni sanena za kuwala, amanena za magetsi amene nyali imadya. Kuwala amakuyeza ndi malumeni, ndipo ngakhale malumeniwo sakuuza kumene kuwalako kukupita. Pali nyali za spot, zoponya kuwala patali koma mopapatiza, ndi za flood, zomwaza kuwala m'mbali koma pafupi. Nambala yokhala ndi K kumapeto ikunena za mtundu: 6000K n'kuwala koyera kopita ku buluu, 3000K n'kwachikasu. Chizindikiro cha IP67 chimatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo nyaliyo ikhoza kupirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, nkhani yofunika kwa aliyense wowoloka madambo athu mu Febuluwale. Masamu a ku sekondale anandithandizanso. Babu wamba wa H4 amadya mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Katoni ina imene ndinaiona m'shopu inalembedwa mawati 300. Pa batire la mavoti 12, amenewo ndi maampu 25, koma waya wotuluka m'nyaliyo anali wowonda ngati ulusi wosokera thumba. Mwina katoniyo inkanama, mwina wayayo akanasungunuka tisanafike pa mlatho woyamba.

Zonsezi ndinazilemba bwinobwino m'kope ngati ndikukonzekera semina. Koma pamene ndinkalemba, dzanja langa lamanzere linkangopita pa chipsera chimene ndili nacho pachigongono.

Ndinali Fomu 3. Amayi anandituma kuchigayo ndipo ndinachedwa chifukwa magetsi anathima masana onse. Pobwerera kunali kutada, thumba la ufa kumbuyo kwa njinga, mlongo wanga wamng'ono atakhala pa felemu. Njirayo ndinkaidziwa ngati m'nyumba mwathu, ndipo kamwezi kanalipo. Kenaka patsogolo panatulukira galimoto yokhala ndi chinyali chapadenga. Sindingafotokoze bwino kwa munthu amene sizinamuchitikire. Sikuti umaona kuwala kwambiri ayi. Umangosiya kuona. Msewu unasowa, m'mphepete munasowa, chogwirira cha njinga yanga yomwe sindinkachiona. Ndinayesa kupatuka, koma kupatukira kuti? Galimoto inadutsa osachepetsa liwiro, n'kutisiyira fumbi ndi mdima woposa woyamba uja, ndipo tinagwera m'ngalande. Ufa unatayika theka. Mlongo wanga anathyoka dzino lakutsogolo, ndipo mpaka lero akamaseka amaphimba pakamwa.

Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti diso limazolowera kuwala mwachangu, koma kuti lizolowerenso mdima bwinobwino pamatenga mphindi 20 kapena 30. Woyendetsa uja sanatigunde. Ndikhulupirira anakafika kwawo n'kugona tulo tabwino, akuyamikira nyali yake kuti imaona patali.

Madzulo ena tili pakhonde pafupi ndi chigafa, ndinawauza amalume kuti chapadengacho sindikugwirizana nacho. Ndinayamba ndi zifukwa zaluso, poti ndimawadziwa. Nyali ikakhala pamwamba pa maso a dalaivala, kuwala kumamenya fumbi kapena nkhungu ya m'dambo n'kubwerera m'maso mwake, ndipo kwina kumagwera pa boneti. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene magalimoto a fodya amatsatana, ndiye kuti ukudzipangira khoma loyera kutsogolo kwako. Anagwedeza mutu, osakhutira. Ndiye ndinawakumbutsa za dzino lija.

Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa mafunso amene mpaka pano sindinawayankhe mokwanira.

"Ana aja a pangolo ndikanawagunda, ukanabwera ndi kope lakolo kudzandiyankhulira ku polisi? Nanga malole akamandithobwa pa M1, ine ndizingotsinzina? Wina akakuyatsira, umamuyatsiranso. Akadima, nawe umadima. Msewu umayenda choncho."

Apa pali zoona zimene sindingazithawe. Fizi yanga imachokera pa pikapu imeneyi. N'zosavuta kwa ine kukhala m'laibulale ku Zomba n'kumalankhula za umunthu, pamene wogwira chiwongolero 3 koloko m'mawa, mayi akubuula kumbuyo, ndi munthu wina. Mantha a amalume ndi enieni, ndipo amene akuopa kuwapha ndi anthu omwewo amene ine ndikuti ndikuwateteza. Tonse tinkaganizira wapanjinga mmodzimodzi. Iwo ankafuna kumuona msanga, ine ndinkafuna kuti nayenso aziona.

Komabe mfundo yawo yachiwiri ija ndimaikana. Mpikisano woyatsirana uli ndi malamulo pakati pa anthu awiri okhala ndi nyali. Dalaivala wa lole ukamuthobwa amabwezera, ndiye umaphunzira ulemu. Wakabaza wa njinga yopalasa abwezera ndi chiyani? Mayi wosenza nkhuni, mnyamata woyendetsa ngolo, ana ochokera kokaonera mpira pa trading centre, onsewa alibe chokuyatsira kuti udime. Ndaona madalaivala ambiri aulemu wawo amene amadima akaona galimoto, koma osadima akaona munthu, ngati kuti maso ali ndi okhala pa mpando okha. Pamsewu wakwathu, oyenda pansi ndi apanjinga ndiwo ambiri. Galimoto ndiye mlendo. Ndipo pali china: munthu akayamba kuona patali, phazi limalemera pa moto. Mita zimene nyali yakupatsa, liwiro limazidya.

Amene anathetsa mkanganowu si ine ayi. Anali makanika wina wachikulire wa paboma, amene amakonza galimotoyi kuyambira kale. Tinapita kukamufunsa mtengo woikira light bar. Iye sanayankhe. Anati tibwerenso dzuwa likalowa, ndipo tibwere titanyamula katundu. Tinakweza mabelo asanu, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 100, n'kupita. Anaimitsa pikapu moyang'anizana ndi khoma la garaja, masitepe angapo kuchoka pakhomapo, n'kuuza amalume kuti ayatse dimu.

Kuwala kwa nyali yakumanja kunakagwera pamwamba, kufupi ndi malata. Kwa yakumanzere kunali kofiirira ngati kwa koloboyi, kukuloza cham'mbali.

"Bwana," anatero makanika, "galimoto yanuyi ikalemedwa kumbuyo imadzutsa mphuno. Zaka zonsezi mwakhala mukuunikira akadzidzi m'mitengo. Ngolo mukanaiona bwanji?"

Amalume anaseka mpaka kugwira bampala. Ine manyazi anandigwira pang'ono, chifukwa m'kope langa lonse lija munalibe tsamba lofunsa ngati nyali zimene zilipo kale zikugwira ntchito. Magalasi ake apulasitiki anali atachita chikasu ndi dzuwa. Babu mmodzi anali wotopa, ndipo waya wopita ku bodi anali ndi dzimbiri. Makanika anapukuta magalasiwo ndi sandipepa wosalala ndi polishi, anaika mababu atsopano a H4, anakonza wayayo, n'kupotokola timasikuluwu ta kumbuyo kwa nyali mpaka kuwala konse kunatsika n'kukhala pa mzere umodzi, katundu ali pomwepo.

Zoonjezera tinagula, koma zochepa. Tinyali tiwiri tachikasu anatiika m'munsi mwa bampala, toyang'ana pansi, tothandiza pa fumbi ndi nkhungu komanso kuona m'mphepete mwa msewu momwe mumatulukira mbuzi. Ndi ma spot awiri ang'onoang'ono kutsogolo kwa girilo, osati padenga. Pamenepa ndi pomwe ndinaumirira chinthu chimodzi chimene ndinachipeza pofufuza paja, ndipo makanika anandivomereza: ma spot alumikizidwe kudzera pa relay ndi fyuzi yakeyake, ndipo aziyaka pokhapokha fulu ikayaka. Ukangodima, nawo azithima okha. Amalume ankafuna switchi yapadera yoti aziyatsa mmene afunira. Ndinawauza kuti munthu wotopa, amene wadinda fodya tsiku lonse, sangakumbukire maswitchi awiri pamene njinga yatulukira pakona. Anang'ung'udza, koma analola.

Zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa chapadenga chija, chomwe chinkapitirira thumba la feteleza. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja amalume amachiyeza ndi matumba a feteleza, ndipo ndikuganiza kuti muyeso umenewu unandithandiza kuposa mfundo zanga zonse. Pa ndalama yotsalayo ndinapempha kuti tigule mpukutu wa tepi yonyezimira, yofiira ndi yoyera. Loweruka lotsatira ine ndi mlongo wanga tinazungulira m'mudzi kumata pa ngolo zinayi ndi njinga zonse zimene eni ake analola. Agogo ena anakana, ati njinga yawo si ya ukwati.

Usiku woti mawa lake ndibwerera kusukulu, amalume ananditenga popita kukasiya mabelo. Msewu unkaoneka bwino, okha anavomera. Titadutsa dambo, kutsogolo kunaoneka kakuthwanima kofiira, kakukwera ndi kutsika. Inali njinga imodzi mwa zathu zija. Posakhalitsa kunatulukira ina yobwera chakuno, bambo atanyamula mayi wobereka mwana. Amalume anadima, ma spot anathima, ndipo ndinaona nkhope ya bamboyo akutidutsa maso ali otsegula, akuyang'ana njira yake.

Titalowa mu M1, lole ina yochokera kutsogolo inatiyatsira zonse zimene inali nazo, zapadenga ndi zapabampala. M'galimoto munayera mbee. Amalume anachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, matayala akumanzere ali kunja kwa tara, akutukwana chapansipansi mawu amene sindingawalembe pano. Itadutsa, anakhala kaye osayenda, akuphethira.

"Waona, mphwanga?"

"Ndaona, amalume."

Chithunzi cha light bar chija sanachifufute m'foni. Azakhali akuti amachiyang'anabe, ndipo akumanena kuti fodya wa chaka chamawa akadzagulidwa bwino, tidzakambirananso.