Kamtengo ka M'mbale

Ife a kunyanja tikamva za feteleza timaganiza za chimanga. Ndinakula ndikuona bambo anga akuthira ndi kachitsekerero ka botolo paphando lililonse, wokulitsa poyamba, wobereketsa pambuyo pake, ndipo chaka chimene feteleza wachepa tinkadziwiratu kuti pofika Febuluwale ana adzagona ndi njala. Nzeru imeneyi ndinapita nayo ku Johannesburg, ndipo inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Kumeneko ndinkagwira ntchito ya m'gadeni kwa mkulu wina wachisilamu. Kuseri kwa nyumba yawo kunali benchi pamene ankaikapo timitengo todzalidwa m'mbale zadothi zosazama. Luso limeneli amalitcha bonsai, dzina la ku Japan, ngakhale kuti linayambira ku China. Si mtundu wapadera wa mitengo ayi. Ndi mtengo wamba umene munthu amaudulira mizu ndi nthambi, namaupinda ndi waya, kufikira utaoneka ngati chimtengo chakalekale chonsecho msinkhu wake sufika m'chiuno.

Umene bwana ankaukonda koposa unali cedar wa ku mapiri a Atlas, ku Morocco. Masamba ake ali ngati singano zotuwira, zomera m'timagulu. Atandiuza dzina lake ndinakondwa, ndinati kwathunso tili nawo, ndiye mkungudza wa m'phiri la Mulanje umene akuluakulu ankautama pokhomera mabwato. Iwo anandiwongolera kuti mkungudza wathu ndi wa banja lina, Widdringtonia whytei, ungofanana dzina m'Chingerezi. Komabe kuchokera tsiku limenelo ndinkaupenya ngati m'bale wa kumudzi.

M'chaka cha 2014 Haji inali kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo bwana ndi akunyumba awo ananyamuka mu Seputembala. Patsala masiku ochepa kuti apite, anauzula mtengowo m'mbale, nadulako mizu pang'ono ndi kuusinthira dothi, pakuti kumeneko ndiyo nyengo imene mitengo imadzuka chisanu chikatha. Ntchitoyi ankaichita kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, chifukwa cedar safuna kusokonezedwa mizu kawirikawiri. Ponyamuka anandigwira paphewa nati, "Mwana wanga, uwu ndi amana m'manja mwako. Madzi okha, dothi likayamba kuuma pamwamba. Usauthire china chilichonse."

Sabata ziwiri ndinamvera. Koma ndikabwera kuchokera ku swala ya Subuhi ndinkaima pabenchipo, mtengo uli duu, wosaonetsa kanthu, pamene kapinga amene ndinamuthira LAN, feteleza wofanana ndi CAN wathuyu, anali biriwiri. Mtima wa mlimi wa chimanga unati chomerachi chili ndi njala. Ndinkafunanso, ndisaname, kuti pobwera adzandiyamike. Tsono ndinatapa zitsekerero ziwiri za LAN, ndi kuwaza m'mbalemo, ndi kuthira timadzi pang'ono.

Sipanathe sabata nsonga za singano zija zinayamba kufiira, kuyambira ku nthambi zam'munsi. Ndikakhudza zinkayoyoka.

Chimene chinachitika ndinadzachimvetsa pambuyo. Feteleza wa m'thumba ndi mchere. M'munda mcherewo umamwazika m'nthaka yaikulu ndipo mvula imausungunula. M'mbale mulibe kothawira. Ukachuluka, m'malo moti mizu imwe madzi, mcherewo ndi umene umakoka madzi kuchokera m'mizu, ndipo mtengo umafa ludzu dothi lili lonyowa. Nanji mizu yongodulidwa kumene, mabala ake asanapole! N'chimodzimodzi kupatsa munthu wodwala malungo nsima ya kondowole mbale yodzaza. Kuwonjezera apo, LAN ali ndi nayitirojeni 28 pa 100 iliyonse, ndipo ngakhale mtengo wabwinobwino ukalandira nayitirojeni wambiri umatulutsa singano zazitali ndi nthambi zotalikirana, kukongola konse kwa kamtengoko n'kutha.

Tsikulo ndinapala tonse totsala pamwamba, ndi kuthira madzi ambiri mobwerezabwereza mpaka akutuluka m'zibowo za pansi pa mbale. Kenaka ndinausunthira pamthunzi wa khoma pamene dzuwa limafika m'mawa mokha. Apa panalinso ngozi ina, chifukwa cedar akakhala m'chinyezi nthawi yaitali mizu imawola. Mwayi wake dothi la bwana linali la timiyala ndi makungwa, losasunga madzi.

Usiku ndi umene unali wovuta. Kumudzi kunali ana awiri a sukulu ndi nyumba yosafolera, zonse zikudalira malipiro amenewa. Mnzanga wa ku Makanjira amene tinkagona chipinda chimodzi anati, "Achimwene, mungonena kuti ndi dzuwa. Mtengo sulankhula." Ndinagona nawo mawu amenewo masiku atatu. Koma kunamiza munthu wochokera ku Arafat, pa chinthu chimene anachitcha yekha amana, lilime linakana.

Atabwera, alendo odzawalonjera atabalalika, ndinawatengera kuseri ndi kuwauza zonse. Anagwada, napala khungwa la nthambi yam'munsi ndi chikhadabo. Mkati munali mouma gwa. Nthambi imeneyo anaiwongola ndi waya kwa zaka zambiri, ndipo cedar kawirikawiri saphukiranso pa thunthu lakale. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ukanati ndi dzuwa, ndikanauthira feteleza kuti uchire, ndipo ndikanaumaliza ndekha."

Ntchito sanandichotse. Mtengowo unakhala wosadya kanthu kufikira unaonetsa mphukira zatsopano. Pamenepo anayamba kundiphunzitsa: timibulu ta manyowa ouma timene amaika pamwamba pa dothi kuti tizisungunuka pang'onopang'ono, kamodzi pamwezi kuyambira nyengo yophukira mpaka chisanu chikayandikira, ndipo m'Juni ndi Julayi osathira konse. Mtengo wodwala, wongosinthidwa dothi kapena wouma ndi ludzu sapatsidwa feteleza. Mphukira amazitsina ndi zala, pakuti singano zodulidwa ndi sizasi zimafiira kunsonga. Nthambi youma ija sanaidule. Anaisenda khungwa nkuisiya yoyera, monga amachitira a ku Japan pofuna kuti mtengo uoneke ngati unakanthidwa ndi mphezi. Alendo ankaiyamikira kwambiri nthambi imeneyo, ine ndikuwerama ndi tsache langa.

Ndili komweko ndinamva kuti kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza 7 yokha m'phiri lonse la Mulanje. Bwana anandifunsa ngati ndidzadzale cedar ndikabwerera kwathu. Ndinawayankha kuti kutentha kwa ku Mangochi sangakupirire. Pakhonde panga lero pali kamlambe m'mbale, kamene ndinafesa ndekha. Kakayoyola masamba ndimaleka kukathirira mpaka kataphukanso. Thumba la feteleza wa chimanga ndimaliika kuchipinda, chifukwa mdzukulu wanga wayamba kale kudandaula kuti kamtengo ka agogo sikakukula.