Maliro a kolera ali ndi eni ake

Kolera amene anabuka ku Machinga mu Marichi 2022 anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Malangizo a azaumoyo anali omveka bwino: abale asasambitse mtembo, uwazidwe kulorini, uikidwe msanga, ndipo pamaliro pasaphikidwe chakudya. Inetu malangizowa ndilibe nawo mlandu. Tizilombo ta kolera sitifera limodzi ndi munthu, ndipo dzanja losambitsa mtembo ndi lomwelo limakaomola nsima. Nkhawa yanga, awerengi, ili pa amene amabweretsa mawuwo.

Kwathu kuno ku Mchinji maliro sayenda chisawawa. Uthenga umayamba wafika kwa amfumu, adzukulu n'kukakumba manda, amayi n'kugona pasiwa. Ngati malemuyo anali wolowa kudambwe, gule amatuluka kudzamuperekeza. Ndiye tangoganizani: galimoto yaima, alendo obisa nkhope atsitsa thumba lotseka, ati aliyense aime patali. Mayi amene sanaone nkhope ya mwana wake mumutsimikizira bwanji kuti m'thumbamo muli iyeyo? Mphekesera zimayambira pamenepo. Mawa wina akatsegula m'mimba, abale amamubisa m'nyumba poopa thumba lija, mpaka madzi kumuthera m'thupi, chonsecho Thanzi ORS ndi diripi zikanamupulumutsa.

Tisaiwalenso kuti ife ndife a m'malire. Azakhali ali ku Chipata, amalume ali ku Katete, kumene timakakumana pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Kukagwa zovuta amabwera pa njinga, kudzera tinjira ta m'minda. Chikwangwani cha Chingerezi chopachikidwa pachipata cha Mwami sachiona n'komwe. Amene amawalandira, kuwapatsa mphasa ndi madzi osamba m'manja, ndi anthu a m'mudzi.

Njira ina ilipo, ndipo inayesedwa konkuno. Pakati pa 2005 ndi 2009 a MaiMwana anakhazikitsa magulu a amayi m'midzi ya Mchinji. Amayiwo ankakhala pansi okha, kutchula mavuto a uchembere, n'kugwirizana chochita. Zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2013, ndipo zinaonetsa kuti kukambirana kwa pamphasa kungachepetse imfa za amayi ndi makanda. Ngati zinatheka pa uchembere, nkhani yodzaza ndi miyambo, zingakanike bwanji pa maliro?

Boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mu Febuluwale 2023, mliri utapweteka kale anthu. Pempho langa n'lakuti tisadikire wina. Mvula isanagwe, alangizi a zaumoyo akhale pansi ndi adzukulu, awaphunzitse kusungunula kulorini, awapatse magolovesi. Abale aloledwe kuona nkhope ataima chapatali, abusa kapena ashehe apemphere. Amfumu ndiwo alengeze kuti beseni limodzi losambiramo m'manja mudzi wonse latha ntchito, tizithirirana madzi ndi kapu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa a Mkanda, a Zulu kapena a Mlonyeni, n'kubwerezedwa pa wailesi ya Mudzi Wathu, munthu wa ku Kapiri sawamva ngati chilango.

Adokotala amadziwa tizilombo, adzukulu amadziwa manda. Boma liwakhazike pamphasa imodzi mitsinje isanadzaze.