Utsi wa leza umapita kuti?

Leza silemba na inki, komanso sisema monga mpeni. Imaocha. Dzina lililonse limene muona pa key holder, pa cikho ca mpila, kapena pa kathabwa kolasa pa keke ya kitchen party, ni malo amene kuwala kotentha kwadya thabwa kapena pulasitiki. Manje cimene cadyedwaco sicisowa ayi. Cina cimatsala monga mwaye pa katundu, cina cimamatila mkati mwa makina, cotsala cimauluka.

M'mashopu a makina amenewa muno mu Lusaka nimalowamo kawili-kawili, popeza ndine nimatumiwa kukalembetsa zikho na mabaji a pa wailesi yathu. Nimakondwela nawo, cifukwa ambili ogwila nchitoyi ni acinyamata. Koma naona kuti pa zotsala zitatu zija, mwaye wa pa katundu ndiwo cabe umasamalidwa bwino. Kasitomala akaona dzina la mkazi wake lazungulilidwa na cikasu ca utsi, ndalama satulutsa.

Pamenepo anyamata ni akatswili. Amamata tepi ya pepala pa thabwa lonse asanayambe, kuti mwaye ugwele pa tepi, n'kuimatula pambuyo pake. Amayatsa kapampu kouzila mphepo pamene leza ikuocha, kuti utsi usakhazikike komanso moto usabuke. Zotsalila amapukuta na kansalu ka sipiliti. Wina ananionetsa kuti akayamba kulemba kucokela munsi kupita kumene fani imakokela, utsi sudutsa pa zilembo zimene zatha kale, ndipo zimatuluka zoyela.

Za mkati mwa makina amazikumbuka zinthu zikavuta. Mwaye ukakhala pa lenzi, lenziyo imatentha mpaka kung'aluka, ndipo ina ni ya kuitanitsa. Sefa ya nsimbi ya pansi, ija yooneka monga zisa za njuci, imadzala utomoni na tuzidutswa twa matabwa. Ikapanda kutsukiwa, moto umayambila pomwepo.

Couluka cija cilibe kasitomala wocidandaulila.

Matabwa a MDF, amene amakondeka cifukwa ni ochipa, ni utuci wopanikiziwa pamodzi na guluu wokhala na formaldehyde. Mu 2004, bungwe la WHO lofufuza za khansa linaika formaldehyde pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa kwa anthu. Kuwawa kwa maso kumene mumamva mukalowa mu shopu imene akudula MDF si nkhani ya fungo cabe. PVC ndiye yoipilatu. Imapezeka m'mabana, m'masitika a vinyl, na m'zikumba zabodza zambili za tumawaleti. Ikapsa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, umene ukakumana na cinyontho umasanduka asidi. Nsimbi za makina zimacita nguwe. Ngati nsimbi ikudyeka conco, nanga pakhosi pa munthu, pamene pamakhala ponyowa nthawi zonse? Opanga makinawa amaletsa PVC, koma kasitomala akabwela na cikwama cake cocokela ku salaula, n'zovuta kuti mwini shopu abweze ndalama.

Njila yodziwila ilipo, ndipo ni ya kopa wathu yemweyu. Tenthetsani waya wa kopa pa lawi la gasi, muukhudzitse pa pulasitikiyo, ndiyeno muubwezele pa lawi. Likasanduka lobiliwila, muli chlorine, cinthuco cisalowe m'makina. Citilani panja.

Palinso magalasi na miyala, monga granite ya pa manda. Izi sizitulutsa utsi wambili, koma zimasiya fumbi losalala lokhala na silica. Amene muli na ambuye anu amene anasewenza m'migodi ya ku Copperbelt mudziwa silicosis, matenda amene fumbi la miyala limasiya zipsela m'mapapo, ndipo sizipola. Fumbi la pa shopu n'locepa poyelekezela na la mu mgodi, inde, koma naonapo munthu akuliuzila na pakamwa kuti aone ngati cithunzi catuluka bwino. Kansalu konyowa kangacite nchito imodzimodziyo.

Mu shopu ina m'tauni, n'natsatila paipi ya fani na maso. Inacoka kumbuyo kwa makina, kudutsa pamwamba pa citseko, n'kuthela mu kolido mmene amayi ena amagulitsila vitumbuwa. Mnyamata wa pa makina anali atavala kamasiki ka citenge ka nthawi ya COVID.

"Cifuwa sicikuvutitsa, mufana?"

"Tinazolowela, bakamba. Nikakomboka nimamwa mkaka."

Nkhani ya mkaka n'naimvapo kale kwa oocelela nsimbi na openta mamotoka, ndipo nakana. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo, ziwilizi sizikumana. Citenge naco cimagwila fumbi lalikulu-likulu cabe. Masiki ya N95 imagwila fumbi losalala, koma mpweya woipa umapyola. Wofunika pamenepo ni sefa ya makala, ndipo ngakhale iyo siilowa m'malo mwa paipi yotulukila panja, kutali na mawindo a anthu.

Mnyamatayo sin'namuimbe mlandu. Makina si ake, shopu si yake, ndipo malaiti akabwela pambuyo pa load shedding, maoda onse amafunika kutha tsiku lomwelo. Ndiye cifukwa cake amatsegula civundikilo leza ikangoima, nkhope ili pomwepo, m'malo moyembekezako pang'ono kuti fani ikoke utsi. Masana, pamene ine na zikho zanga tinali titapita kale, iye anali akali na maola ena asanu pa mpando umenewo.

Iwe amene wauziwa kuti ukayambe nchito yotele pa Mande, ukafika usathamangile kuona mmene kompyuta imatumila cithunzi ku makina. Zimenezo udzaphunzila m'masiku ocepa. Yamba wapita kumbuyo, ugwile paipi, uitsatile mpaka kumene yathela.